Mayi Tubbs ndi Tisheti ya Maliro

Mayi Ozella Tubbs anabadwira m'minda ya thonje kunja kwa tauni ya Bayliss, ku Mississippi, ndipo sanakhaleko kwina. Sukulu anailekeza panjira chifukwa mayi awo anadwala. Anakwatiwa ndi woyendetsa thirakitala, anabereka ana awiri aakazi, anawo anakula n'kupita ku Memphis. Mwamunayo anamwalira ndi matenda a shuga. Zotsala za moyo wawo ndi kuchapa ndi kusita.

Ntchito anagwira kundende ya ana, kuseri kwa khoti, kuyambira ali mtsikana mpaka mutu utayera. Ankachapa zofunda, matawulo ndi yunifomu. Boma linkagula mabuluku a akuluakulu, pomwe ovala ake anali ana. Choncho mwana aliyense wolowa kumene alonda ankabwera naye kochapira, n'kumuimika pakabokosi, Mayi Tubbs n'kugwada ndi mapini pakamwa kuti amufupikitsire buluku. Tsiku loyamba anatenga sizasi. Bwana wawo anawagwira mkono.

"Osadula, Ozella. Ungopinda n'kusoka, ulembe dzina m'chiuno. Ameneyu abweranso atatalika."

Ankabweradi. Mayi Tubbs ankasula ulusi womwe anasoka okha, n'kutsitsa mpendero. Nkhope za anawo sankaziyang'ana kwenikweni, chifukwa munthu wogwada amaona mapazi. Ankadziwa akakolo. Mpaka lero mnyamata akamadutsa mumsewu, maso awo amayambira pansi, mtima n'kuyeza wokha kuti apinde pati. Chizolowezi chimenechi achipempherera, koma sichinachoke.

Pogwadapo ankafunsa mwana aliyense funso limodzi: walakwa chiyani? Zaka zoyambirira mayankho anali olemera. Wina anaba galimoto, wina anabaya mnzake. Kenaka mayankho anayamba kupepuka.

"Ndinayankha aphunzitsi mwamwano."

"Ndinavala sokosi zofiira."

"Ndinaiwala lamba."

Njira yake inali yosavuta. Mwana akalakwitsa kamodzi, wapolisi wa pasukulu ankamutengera kukhoti. Woweruza ankamubweza kwa makolo ake, koma ndi chenjezo: ukangoimitsidwa sukulu kapena kujomba, ubwera kudzagona kuno. Tsono sukulu inkaimitsa mwana chifukwa cha shati yosapisira. Ana ake anali omwewomwewo, a tsidya lino la njanji.

Atapuma pantchito, Mayi Tubbs anapita kwa abusa a mpingo wawo wa Baptist wa Phiri la Nebo. Tchalitchicho chinayang'anizana ndi sukulu, msewu wokha pakati. Sanalalikire. Anati, "Abusa, ndibwerekeni khonde ndi tebulo limodzi."

Patebulopo anaika malamba, sokosi zakuda, matisheti oyera amkati, poto wa phala la chimanga ndi mabanzi a soseji. Mwana ankakwera pakhonde, kuzungulira kamodzi pamaso pawo, kukonzedwa, kudya, kuwoloka msewu. Oimitsidwa sukulu ankaswera m'holo ya tchalitchi ndi mabuku awo m'malo moswera kusitolo ya mafuta a galimoto. Zopemphera anasiyira Dikoni Purvis Hairston, nkhalamba yomwe kale inkayendetsa basi ya sukulu. Dikoniyo ankabwera ndi khofi ndi mapemphero aatali.

"Dikoni, belu lilira mudakali kwa Mose. Dumphani mufike pa ameni."

"Mlongo Tubbs, Mulungu sathamangitsidwa."

"Mulungu sathamangitsidwa, koma mwanayu athamangitsidwa. Ameni. Pita, iwe!"

Ana anawapatsa dzina loti Agogo Lamba. Ena anapulumuka, ena ayi. Mayi Tubbs sankawawerenga kuti ndi angati.

Tavion Gaskin anayamba kukwera pakhondepo mu Seputembala, kukutentha mpaka phula la mumsewu kumata nsapato. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, wamtali, wowonda, wosakonda kuyankhula. Mkulu wake Marquell anawomberedwa mu Juni panja pa sitolo ya mafuta. Sukulu itatsegulidwa, mnyamata wina ananena zachipongwe za malemuyo m'chipinda chodyera, Tavion n'kumugenda ndi mbale. Woweruza anamupatsa chenjezo lija, loti likhala pamutu pake mpaka Disembala.

Tsiku loyamba pakhondepo Tavion anazungulira pamaso pa Mayi Tubbs ngati anzake onse. Sokosi zinali bwino, lamba analipo. Koma shati ya sukulu ndi yoyera ndiponso yopyapyala, ndipo pachifuwa pake pankaoneka mthunzi.

"Ima pomwepo. Ukuyenda ndi ndani m'malayamo?"

"Palibe, Agogo."

"Palibeyo ali ndi maso awiri ndi chipewa? Tukula shati."

Anatukula. Marquell anali pamenepo, akuseka, chipewa chapendekeka, kumbuyo kwake mitambo yabuluu, m'mbali mapiko. Pamwamba panalembedwa kuti Usa Mumtendere Quell. Achinyamata amadinditsa matisheti otere maliro akachitika, onse n'kuvala popita kumanda. Ambiri akabwerako amaipinda n'kuika m'dirowa. Sukulu inawaletsa, inati ndi zizindikiro za magulu aupandu.

Mayi Tubbs sanayang'ane nkhopeyo nthawi yaitali. Marquell ankamudziwa. Anaima pakabokosi kawo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwana wonyerenyeseka, woti chala chikangomukhudza pakakolo ankaseka mpaka mlonda kumukalipira. Anamutsitsira mpendero kangapo. Ulendo womaliza sanaseke.

"A Bledsoe anaiona?" A Bledsoe ndiye anali wapolisi woima pakhomo la sukulu.

"Dzulo. Akuti akaionanso andilembera."

"Ndiye lero wavalanso. Mutu uli nawo, kapena ndi pokhazika tsitsi?"

"Sindivula, Agogo."

"Ukudziwa kumene ugone usiku uno akakulembera?"

"Ndikudziwa. Quell anagonako."

"Eya, anagonako. Zofunda zake ndinkachapa ndine. Nanga zinamuthandiza chiyani?"

Mnyamatayo anayang'ana kumbali. Dikoni anaika kapu pansi.

"Mwana wanga, tamvera. Palibe akukulanda m'bale wako. Umusiye muno m'nyumba ya Mulungu m'mawa, ukaweruka udzamutenge. Iyeyu sukulu sankaikonda ali moyo, ndiye ukumukakamiziranji pano?"

Tavion anatsala pang'ono kuseka. Belu loyamba linalira tsidya lija. Anaima, dzanja lili pachifuwa. Kenaka analowa kuseri kwa chitseko, n'kutuluka atavala tisheti yoyera ya patebulo, inayo ataigwira ndi manja awiri.

"Musaipinde pankhope. Ndipo musaonetse anthu."

"Ndamva."

"Ndinu nokha muziigwira. Osati a Dikoni, manja awo ndi a khofi."

"Ndati ndamva. Thamanga."

Anawauza zimenezo basi. Zoti asaichape sanawauze. Kwa iye zinali ngati kuuza munthu wamkulu kuti asaponde pamtumbira.

Zinayenda chomwecho mpaka Okutobala kutha. M'mawa ankaisiya, masana ankaitenga. Mayi Tubbs ankaipachika m'kachipinda kuseri kwa guwa, momwe amasungira nsalu za Mgonero wa Ambuye ndi magolovesi a olandira alendo. M'menemo ndi momwe munali thabwa lawo lositira. Ana akawoloka, Dikoni akalowa m'holo ndi oimitsidwa aja, iwo ankatsala awiri ndi Marquell.

Sizinali zabwino. Akamasita, nkhope ija inkaseka kumbuyo kwawo. Anayesa kuitembenuzira kukhoma, koma mtima unawatsutsa, mwana wa munthu sangaswere atayang'ana khoma ngati wapatsidwa chilango. Anaibwezanso. Masiku ena ankapezeka akuiyankhula.

"Ukuseka chiyani? Mng'ono wako wapeza bwino masamu dzulo. Iwe masamu unkawathawa."

Tsiku lina anamva ngati wina wagwedeza phazi pabokosi, monga ankachitira ana akatopa kuima. Anatembenuka. M'chipindamo munalibe bokosi. Sanauze aliyense.

Komanso panali fungo. Tavion ankaivula posamba pokha ndi popita kusukulu. M'khosi munali mutada. M'munsi munali dothi louma. Paphewa lakumanzere panali banga lofiirira ngati la mafuta odzola kumaso. Mayi Tubbs anakula akudziwa chinthu chimodzi chokhudza akufa: amalemekezedwa ndi zoyera. Shati yoikira mwamuna wawo anachapa okha kawiri, kuisita mpaka kuima yokha. Amayi a mpingo amapita kumaliro atavala zoyera zopanda kabanga. Kuona nkhope ya malemu pa chovala chonunkha thukuta kunkawapweteka ngati aona Baibulo pansi. Ankadziwanso kuti mayi a mnyamatayo, a Renita, amagwira ntchito kufakitale ya nsomba kuyambira mbandakucha, ndipo anaganiza kuti angosowa nthawi.

Lachisanu loyandikira Mgonero ndi tsiku lochapa nsalu za patebulo la Ambuye. Anazisonkhanitsa monga mwa masiku onse, anatsegula makina ochapira a kukhitchini ya tchalitchi, anathira madzi otentha ndi mankhwala oyeretsera. Ataima pakhomo la kachipinda kaja, anayang'ana tisheti. Anaganiza kuti ikhala itauma ndi kusitidwa mwini wake asanaweruke. Anaganizanso kuti palibe ulemu woposa kuchapidwa pamodzi ndi nsalu za Mgonero.

"Tiye, ukasambe," anatero, n'kuichotsa pamsomali.

Zovala zodindidwa zithunzi anali asanachapepo. Kundende kunalibe, ndipo kwawo sankazilola.

Makina atasiya, anatulutsa nsalu zili mbee. Tisheti inatuluka pomaliza. M'khosi munayera, dothi linachoka, banga la paphewa linachoka. Mitambo nayo inachoka. Mapiko anatsala ngati utsi. Nkhope inalipo, koma yotuwa, yong'aluka ming'alu yaing'onoing'ono, m'mbali mwake ikutukuka ngati khungu la chilonda.

Pamenepo akanaima. Koma manja amene asita moyo wonse amadziwa mankhwala amodzi a chinthu chotukuka. Anaiumitsa pang'ono, anaiyala pathabwa, anayesa simbi ndi chala chonyowa, n'kuitsitsa pankhope.

Simbi inakana kuyenda. Panatuluka fungo la pulasitiki yopsa. Ataikoka, chithunzi chinanyamuka nayo, chikutamuka ngati ulimbo. Pachifuwa pa tisheti panatsala kamthunzi kachikasu. Anatembenuza simbi. Pansi pake panamatirira chipewa, diso limodzi ndi mbali ya pakamwa.

Anazimitsa magetsi, anaimika simbiyo pashelefu, anakhala pampando. Dikoni anawapeza ali chomwecho.

"Mlongo, chikupsa n'chiyani? Ana m'holomu akuti mwawotcha tchalitchi." Anayang'ana pathabwa, anayang'ana pashelefu, n'kuvula chipewa. "Ambuye Yesu."

"Musamuitane. Sanasite ndi iye."

"Tamverani. Kusitolo ya kumsewu waukulu amadinda tsiku lomwelo. Chithunzi chili m'mafoni mwa ana onsewa. Ndithamange ndi galimoto, tiidetse pang'ono m'khosi..."

"Dikoni, ndinu mkulu wa mpingo."

"Ndiye timuuze kuti ndine ndachita. Ine amandiona kale ngati chitsiru."

"Anati ndiziigwira ine ndekha. Mukati ndinu, ndiye kuti ndamulakwira kawiri. Madzi akatayika saoleka. Bwererani kwa ana."

Tavion anabwera masana akudya chingamu, chikwama paphewa limodzi.

"Agogo Lamba, lero a Bledsoe agona chiimire pakhomo. Ndikunena zoona, mpaka kukodola."

"Lowa muno. Tseka chitseko."

Tisheti inali pathabwa, yoyalidwa. Anaiyang'ana osaizindikira. Kenaka anayang'ana pamsomali.

"Ili kuti?"

"Ndi imeneyo. Ndinaichapa. Kenaka ndinaisita, chithunzi n'kupsa. Ndalakwa ndine, palibe wina."

Sanakuwe. Anatula chikwama pansi pang'onopang'ono, anainyamula, anainunkhiza. Anaitembenuza n'kufunafuna paphewa lakumanzere ndi chala.

"Apa panali nkhope ya amayi. Pamene bokosi limatsika anagwera pa ine."

"Sindimadziwa."

"Dothi lija ndinagwada nalo."

"Sindimadziwa, mwana wanga. Ndimayesa litsiro."

"Litsiro."

"Tikhoza kudinditsa ina. Dikoni apita nawe."

"Inayo inali kumanda?"

Tavion anayang'ananso pachifuwa pa tisheti ija.

"Nanga iye ali kuti? Chithunzi sichingangosowa."

Anamulozera pashelefu. Tavion anapita, anawerama, anayang'ana pansi pa simbi nthawi yaitali. Sanaikhudze. Anapinda tisheti, anaiika m'chikwama, anatsegula chitseko.

"Tavion. Undide ine, palibe mlandu. Koma Lolemba upite kusukulu. Ukajomba akutenga."

"Akanditenga mukandichapire zofunda," anatero, n'kutuluka.

Loweruka Mayi Tubbs anayenda wapansi mpaka tsidya la njanji. A Renita anatsegula chitseko chamkati, chakunja cha sefa anachisiya chotseka. Anali ndi maso otupa.

"Amayi, ndimakulemekezani. Munandiphunzitsa Sande sukulu. Koma ine mwini wake ndinaisiya osaichapa miyezi yonseyi. Mumayesa ndilibe sopo?"

"Ndinayesa mulibe nthawi."

"Mukanafunsa."

"Ndikanafunsa. Ali mkatimo?"

"Anatuluka m'mawa. Anzake a Quell anabwera ndi galimoto. Sanadye dzulo, sanandiyankhule. Amayi, ndinaika mmodzi, wina mwanditayira ndinu. Chonde tsikani pakhonde panga."

Anatsika. Lamulungu anayala nsalu patebulo la Mgonero. Amayi anzawo anayamikira kuti sizinayerepo chotero. Tavion ndi mayi ake sanabwere.

Lolemba anafika pakhonde kukadali chisisira. Ana anayamba kukwera, kuzungulira, kudya. Mayi Tubbs anagawa malamba maso ali kumsewu. Mtsikana wina anawoloka ndi shati yosapisira iwo osaona, mpaka Dikoni anamukuwira.

"Mlongo, khalani pansi, mumwe khofi."

"Khofi wanu amanunkha tayala. Ndisiyeni."

Belu loyamba linalira. Msewu unayamba kutha anthu. Mayi Tubbs anali atayamba kale kuona zimene zikubwera: galimoto ya apolisi pakhomo la a Renita, chipinda chochapira, kabokosi, mayi wina amene anatenga malo awo atagwada ndi mapini pakamwa. Akakolo a Tavion ankawadziwa. Anali ngati a mkulu wake.

Dikoni anawakodola. "Uyo."

Ankabwera kuchokera kunjanji, akuyenda tsidya linalo la msewu, kumbali ya sukulu. Kutchalitchi sanayang'aneko. Mayi Tubbs anatola lamba ndi tisheti yoyera, anatsika masitepe, anawoloka osayang'ana magalimoto. Anafika pampanda iye atalowa kale pageti. Anamuitana. Sanacheuke.

Lamba anali naye. Shati anapisira. Pakhomo a Bledsoe anatambasula mkono.

"Gaskin. Lero sunadzere kwa agogo ako. Ima ndikuone."

Anamukoka shati m'khosi n'kusuzumira. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuyang'ana pachifuwa. Mayi Tubbs anagwira waya wa mpanda. Iwo ankakaona kamthunzi kachikasu kaja, ngakhale ali patali, chifukwa anakapanga okha. Ankadziwa kuti mnyamatayo wavala iti.

"Yoyera," anatero a Bledsoe. "Waona? Ukafuna umamva. Lowa."

Tavion analowa.

Kuyambira tsiku limenelo ankaivala tsiku lililonse, ndipo palibe anamuimitsa. Pakhonde la Phiri la Nebo sanakwerenso. Ankadutsa tsidya linalo. Mayi Tubbs ankamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka m'khosi, n'kubwerera ku poto wawo. Tsiku lina anaiwala lamba, iwo anapatsira mtsikana wina kuti amuthamangire nayo. Analandira kwa mtsikanayo, osafunsa kumene wachokera.

Dikoni anati ndi dzanja la Mulungu. Anafuna kukachitira umboni pa mapemphero a Lachitatu.

"Taganizani, Mlongo. Chinthu chomwe chikanamutsekeretsa, lero akulowa nacho pamaso pa wapolisi. Yosefe anati chiyani kwa abale ake?"

"Mukakatchula dzina langa kumeneko, mukadya poto uyu. Mulungu sanandiuze kuti ndiwotche mwana wa Renita. Ndinawotcha ndekha."

"Koma mwanayo ali pasukulu."

"Ali pasukulu. Patseni ana mabanzi."

Simbi ina anabweretsa ya kunyumba. Yakaleyo inakhala pashelefu pomwe anaiimika. Amayi a mpingo anafuna kuipala ndi mchere kuti izigwiranso ntchito, iwo anawaletsa. Akamasita sankayang'ana kushelefuko, komabe ankadziwa kuti diso lija lili kumbuyo kwawo. Kuyankhula nalo analeka.

Mu Disembala woweruza anatseka mlandu wa Tavion. Nkhaniyi anaimva kwa Dikoni, yemwe anakakhala kumbuyo m'khoti atavala suti yake ya maliro. Mayi Tubbs anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kupinda sokosi.

Masana a tsiku lomwelo galimoto ya a Renita inaima kutsogolo kwa tchalitchi, injini osazimitsa. Tavion anatsika atavala tayi. Anakwera masitepe, anaima pakhomo. Anali atatalikirapo.

"Amayi Tubbs." Sananene kuti Agogo.

"Ndamva kuti zatha. Wadya?"

"Ndadya. Ndabwera kudzatenga simbi ija."

Mayi Tubbs analowa m'kachipinda, anaitsitsa pashelefu, anakulunga chingwe kuchogwirira. Anafuna kuipukuta fumbi ndi epuloni, koma dzanja analibweza. Anamupatsa momwe inalili.

Tavion anaitembenuza, anayang'ana pansi pake, n'kuifungatira pachifuwa.

"Lamulungu kuli Mgonero," anatero Mayi Tubbs. "Amayi ako uwauze."

"Ndiwauza."

Anatsika masitepe, analowa m'galimoto, anaika simbi pamiyendo. A Renita anakweza dzanja pang'ono osayang'ana kukhonde, galimoto n'kunyamuka kulowera kunjanji.

Lamulungu sanabwere. Sukulu itatsegulidwa mu Januwale, Tavion anadutsa tsidya lija nthawi yabwino, shati atapisira, ndipo analowa.